Tepi ya Kolera ndi Munthu Amene Anakana Kufa

Ndikukumbukira chimatatu, chiminibasi chakufa chimene chinali kuseri kwa mashopu ku Buruburu, kudziko la eni, chopanda matayala, chonunkha dzimbiri ndi mkodzo wa amphaka. Kwa ife ana chinali chombo chopita ku nyenyezi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Mmalawi ndekha pagulupo, ndipo palibe ankavutika ndi dzina langa. Ankangoti "Malawi".

Masewera athu ankatsatira filimu ina ya nkhondo za kuthambo, ya zigawo zitatu, pa matepi a vidiyo. Mwini matepiwo anali Njoroge, ndiye analinso mwini malamulo ndi chiwongolero. Mufilimumo munthu wakuda anali mmodzi, wokonza injini, wanthabwala, ndipo ankafa chigawo choyamba chisanafike ndi pakati pomwe. Chitseko chinkamutsekera kunja, moto n'kumudya, azungu n'kulira pang'ono, basi. Tonse tinali akuda, koma ine ndinali bii kuposa onse, choncho ntchito ya kufa inali yanga. Tsiku ndi tsiku. Ndinkagwira sipanala yamtengo, kukuwa, kugwa m'fumbi, kenako kukakhala pa kalavati mpaka anzanga atagonjetsa adani. Ndikadandaula, Njoroge ankati, "Si ine, Malawi. Ndi filimu."

Chabwino. Ndi filimu.

Bambo anga ankagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo, ndipo nthawi zina ankabwera ndi makina awiri a vidiyo kudzakopera matepi ophunzitsa anthu zaumoyo. Ndinkawaonerera: tepi yodzaza uku, yopanda kanthu uko, zingwe kumbuyo, mabatani awiri nthawi imodzi. Loweruka lina iwo ndi mayi anapita kukacheza ndi Amalawi anzawo ku South C. Ndinabwereka chigawo choyamba kwa Njoroge, n'kumunamiza kuti ndikufuna kuphunzira kugwa bwino. Tepi yopanda kanthu panalibe. Ndinatenga ya kolera, n'kumata kabowo kake ndi selotepi monga ankachitira bambo akafuna kujambula pamwamba pa zakale.

Ndinatha tsiku lonse nditagwada pa simenti, makina akutentha, akununkha pulasitiki. Ndinakopera mpaka pamene chitseko chimayamba kutsika, ndinadina batani loimitsira, ndinadumpha moto, ndinadumpha misozi ya azungu. Kumapeto, pamene opambana akulandira ulemu, ndinalowetsapo kachidutswa kakumayambiriro pamene munthu wanga akuseka atanyamula kapu. Ndinakabwereza katatu. Polumikizira pankanjenjemera mizeremizere, koma munthuyo anali moyo.

Lamulungu titachokera kutchalitchi ndinaitana gulu lonse kwathu. Tinakhala pansi, bambo ali pampando wawo kuseri kwa nyuzipepala. Chitseko chinayamba kutsika, chithunzi chinadumpha, ndipo chombo chinangopitirira ulendo.

"Ngoja, tadikirani," anatero Njoroge. "Amafa apa."

Akinyi, mtsikana amene nthawi zonse ankamupatsa ntchito ya loboti yosalankhula, anayankha osatembenuka: "Wafa kuti? Ine sindinaone."

Kumapeto munthu wanga anatulukira akuseka. Anaseka, anasekanso, anasekanso, kapu yomweyo ili m'manja, ndipo chipinda chonse chinaseka naye. Kenako chithunzi chinaphethira, n'kutulukira mayi wina akusamba m'manja ndi sopo, akutilangiza kuwiritsa madzi akumwa. Nyuzipepala inatsika pang'onopang'ono.

"Madalitso, tepi imeneyi ndi iti?"

"Ya kolera, adadi."

"Ndiye inuyo mwafufuta kolera kuti mupulumutse akuluwa?"

"Eya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, masharubu akugwedera ngati akulimbana ndi kena kake. "Lamba akudikirani. Kasewereni kaye."

Ku chimatatu Njoroge anayesa kunena kuti tepiyo ndi yabodza, koma Akinyi anamukumbutsa lamulo lake lomwe: timasewera zimene taona. Nthawi ya chitseko itakwana onse anandiyang'ana. Sindinagwe. Ndinakwera, fumbi lili pa akabudula a ena. Ndipo wokonza injini akakhala wamoyo ndi munthu woopsa. Ndinalengeza kuti injini yazima, ndipo siilira mpaka ine nditakhala pa chiwongolero. Njoroge anatukwana, anaopseza kuti apita ndi matepi ake, koma adani anali pafupi ndipo anzathu ankakuwa kuti tinyamuke. Anasuntha. Chiwongolerocho chinali chotentha ndi dzuwa, chosweka mbali imodzi, ndipo ndinachizunguza mpaka zikhatho zinafiira ndi dzimbiri. Loboti inalankhula tsiku limenelo, ndipo sinasiyenso.

Lamba anabweradi. Sindinalire kwambiri.

Sukulu ndinaisiyira Fomu 3, musandifunse chifukwa. Masiku ano anzanga a madigiri amanditumizira mauthenga okondwa kuti akuda ayamba kuyendetsa zombo m'mafilimu akuluakulu, ngati kuti atigawira mphatso. Ndimaonera pafoni, ndipo chitseko chikayamba kutsika mtima umagundabe. Koma sindithokoza munthu. Iwo zinawatengera zaka zonsezi kuti achite zimene ine ndinachita Loweruka limodzi, ndi selotepi ndi tepi ya kolera.