Mabawuti Opanda Penti

Amuna anga anamwalira galimoto yawo ili m'malere. Anaisiya itakhala pa timiyendo tinayi tachitsulo m'galaja ya khonsolo kuseri kwa mafulati athu ku Barking, kuno kutsidya kwa nyanja, matayala onse atazulidwa n'kuunjikidwa pakona.

Inali galimoto yaing'ono yofiira, yakale ndithu. Masiku onse inkatinyamula ife ndi mwana wathu wamkazi kupita kutchalitchi ndi kokagula zinthu, koma kawiri kapena katatu pachaka ankapita nayo kubwalo lothamangitsirako magalimoto kunja kwa tauni. Sunali mpikisano ayi. Munthu amangovala chipewa cholimba chija n'kumazungulira tsiku lonse mpaka mtima utakhala pansi. Ine ndinapitako kamodzi, mutu unandipweteka masiku awiri.

"Munthu wa imvi ngati inu, kumathamanga chonchi popanda kumene mukupita?" ndinawafunsa pobwerera.

"Nanga inu amayi, mukamavina kukwaya mumakhala mukupita kuti?"

Chaka chomaliza chija galimoto inayamba kugogoda kunsi tikamadutsa pa mahampu, ndipo pokhota inkapendekeka ngati ngolo yolemera mbali imodzi. Iwo anati asintha zonse zapansi: mashoku amene amaletsa galimoto kudumphadumpha, masipuling'i, ndi mabushi, timalabala tija timakhala pamene zitsulo zikulumikizana. Makatoni anayamba kufika. Mkati mwa sabata ankakonza mabasi kudepoti, Loweruka ankakhalira m'galajamo, atavala ovolosi yong'ambika pabondo.

Ntchito imeneyi inenso ndinali ndi gawo langa, ngakhale sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Zaka zingapo m'mbuyomo anasinthapo mabushi akutsogolo, ndipo ndi pamene anandiphunzitsa. Bawuti wodutsa m'labala samangidwa matayala akulendewera. Ukatero, potsitsa galimoto labala uja amapotokola, ndipo pakangopita miyezi yochepa wang'ambika. Umangomugwiriziza ndi zala, kubwezera matayala, kutsitsa galimoto kuti iime pa matabwa okhuthala, munthu n'kukhala pa mpando wa dalaivala. Apo m'pamene umalowa kunsi n'kumanga.

Munthu wokhala pampandoyo ndinali ine. Poti ndine wochepa thupi, ankandisenzetsa thumba la mpunga pamiyendo.

"Simukukwana, amayi. Muzidya."

"Mangani msanga, miyendo yachita dzanzi kuno."

Bawuti aliyense akamumanga mpaka sipanala yawo yaitali italira kuti tha, ankamudontheza penti yachikasu. Ankati mutu umaiwala koma penti siiwala.

Lachinayi lina anagwa kuntchito. Kuchipatala anakhala masiku awiri osalankhula, tsiku lachitatu lake anatisiya. Tinawaika konkuno.

Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi, ndipo ngakhale tili kutali mwambowo tinautsata. Kiyi wa galaja ndinapereka kwa alamu anga, akulu awo a malemu, amene amakhala ku Wembley. Iwo anabwera kuno ali mwana, ndi munthu wa muofesi, wolankhula mofatsa, ndipo nkhani ya galimotoyi sankaikonda chiyambire. Miyezi isanu chitseko chija chinali chotseka. Ndikamachokera kuntchito yanga yosamalira okalamba ndinkalambalala, kudzera njira ya kumabini kuti ndisachione.

Kenaka kunabwera kalata yoti galajayo inali m'dzina la malemu, tiyenera kutulutsamo zonse mwezi usanathe. Alamu anati palibe chovuta, aitana anthu a sikirapu, ogula zitsulo zakutha, adzaikoke. Ine ndinati ayi, ndikufuna ituluke ndi matayala ake, ntchito ya mwini wake itatha. Anandiyang'ana ngati ndikubwebweta, koma sanakane. Anati tikaone kaye.

Loweruka m'mawa anafika ndi mnzawo wa malemu wa kudepoti, bambo wa ku Zambia wamfupi wokonda nthabwala, amene tsiku limenelo analibe nthabwala. Titatsegula, fungo la girizi linandilandira. Kapu ya tiyi ya amuna anga inali pa shelefu, mkati mutamera nkhungu. Masipuling'i atsopano ankawala kunsi kwa galimoto, akale atagona pansi, adzimbiri.

Alamu anagwada pa katoni kuti thalauzi isade, nalowetsa dzanja. Anagwira nati imodzi, inazungulira ndi zala. Anagwira ina, chimodzimodzi. Anadzuka akupukusa mutu.

"Mlamu, bwerani muone nokha. Zonsezi zili lendelende. Mng'ono wanga anali atayamba kale kudwala, ife osadziwa. Mutu sunkagwira bwino. Galimoto iyi ikanakuphani nonse, inu ndi mwana yemwe."

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse amene ndinamva pa maliro. Munthu anakonza mabasi zaka zonsezo, anthu n'kumakwera osadziwa n'komwe dzina lake, lero akumbukiridwe kuti anasiya msampha kunsi kwa galimoto ya banja lake? Ndinadziwa kuti madzulo omwewo nkhaniyo ifika ku Wembley, mawa ifika kumudzi pa foni.

Alamu anatola sipanala. "Ndingomangako kuti isagwe poikoka."

"Alamu, ikani pansi chitsulocho."

Chikwatiwire ndinali ndisanawalankhulepo choncho. Anaima sipanala ili m'manja.

Ndinatenga tochi, ndinagwada pa simenti ndi chitenje changa, n'kuyamba kuwaonetsa mabawuti. Uyu ali ndi penti. Uyu ali ndi penti. Amene agwira shoku kumtunda, penti. A mabuleki, penti. Opanda penti analipo asanu ndi atatu, ndipo onsewo anali odutsa m'labala. Palibe ngakhale mmodzi anasokonekera.

"Sanaiwale," ndinatero. "Ankadikira kuitsitsa. Ankadikira ine kuti ndidzakhale pampando."

Bambo wa ku Zambia uja anatenga tochi, analowa chagada, anakhalitsa kunsiko. Potuluka anadzipukuta m'manja nthawi yaitali.

"Bakamba zoona amai, bosi. Aya sitimanga mumwamba. Ngati mwamanga manje, mwaononga nchito yonse. Mudala anali bwino. Onani chabe mwamene anaikila, monga ni mu buku."

Alamu anaiika sipanala ija pa shelefu pang'onopang'ono.

Tinabwezera matayala, ine ndikupereka manati. Jeke inatsika, galimoto inakhala pa matabwa ake aja, amene anali ataimikidwa kale kukhoma. Bambo uja anaikankha kangapo pamwamba kuti ikhazikike, kenaka anati pakufunika munthu pa mpando wa dalaivala. Ndinati ndithamangire kunyumba kukatenga thumba la mpunga. Iye anayang'ana alamu kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Siyani mpunga, amai. Aba ni saizi imozi na mudala."

Alamu anavula jekete, anaipinda, analowa. Anatambasula dzanja kuti asunthe mpando, koma anapeza kuti miyendo yawo yafika bwinobwino. Anangogwira chiwongolero.

Bambo uja analowa kunsi ndi sipanala, ine ndinagona cham'mbali pa katoni, tochi kudzanja lina, penti kudzanja lina. Sipanala ikalira kuti tha, ndinkadontheza. Poyamba penti inakana kutuluka, inali itauma kukamwa, mpaka ndinaikhutchumula. Madontho anga sanali ozungulira bwino ngati a malemu.

Titamaliza wachisanu ndi chitatu, bambo uja anagogoda pa chitseko cha galimoto. "Yasila, bosi. Mungachoke."

Alamu sanatuluke. Ndinadzuka, ndinaima kumbuyo kwa galimoto, ndipo kudzera pa galasi ndinaona khosi lawo ndi makutu. Ndinali ndisanazindikirepo kuti anafanana ndi malemu chotero. Mapewa awo ankagwedezeka. Pa maliro sanalire, ankayendetsa mwambo ndi pepala m'manja. Ndinatuluka panja kuti ndiwasiye, bambo uja ananditsatira, tinaima pamenepo tikuyang'ana sitima ikudutsa kuseri kwa mpanda.

Anthu a sikirapu sanaitanidwe. Sabata yotsatira bambo wa ku Zambia uja anaitenga kukawongoletsa matayala ndi kukaiyezetsa, ndipo inakhoza. Alamu sanapepese ndi pakamwa. Koma pamene abale anakumana kugawa katundu, wina atafunsa za galimoto, iwo anati, "Imeneyo ndi ya mlamu wanga, anaimaliza yekha," nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsopano imagona pamsewu, pansi pa zenera la kukhitchini. Amene amaiyendetsa ndi mwana wanga wamkazi popita kuntchito ku Greenwich. Amandiuza m'Chingerezi chake kuti imakhota ngati yamatidwa pansi, ndipo Lamulungu lililonse amandipempha kuti tikwere limodzi. Ndimamuuza kuti atsogole, ndimupeza. Kenaka ndimatseka chitseko n'kupita pasiteji kukadikira basi.