Fabiano Mbewe ndi Paipi ya Pansi pa Damu

Fabiano Mbewe anabwerera kumudzi kwawo kufupi ndi Sinda m'chaka cha 1959, atagwira ntchito zaka ziwiri ku Kariba kumene ankatseka mtsinje wa Zambezi. Ntchito yake inali yopukusa makina a mpweya pabwato, pamene azungu ovala zipewa zachitsulo ankatsikira pansi pa madzi. Iye mwini sananyowepo ngakhale bondo. Koma akamamufunsa pamowa, nkhani inkakula yokha m'kamwa, mpaka mudzi wonse unadziwa kuti Fabiano anayendapo pansi pa Zambezi.

Chaka chotsatira, dzuwa la Okutobala litafika poipa, paipi yotulutsa madzi pansi pa damu la m'deralo inatsekeka ndi matope. Madimba akumunsi anayamba kuuma. Amuna anasonkhana pakhomo pa Fabiano.

"A Mbewe, inu munayenda pansi pa Zambezi," anatero mmodzi. "Kadamu aka kangakukanikeni?"

Fabiano analoza makutu ake. "Makutu anga anawonongeka komweko, adokotala anandiletsa. Koma wina atalowa, ine ndingamuuze zochita."

Amene anadzipereka anali mlamu wake Valentino, mwamuna wa mlongo wake Scholastica. Valentino ankadziwa kusambira kuposa onse, ndipo anyezi wake anali atayamba kale kufota.

Fabiano anabwereka pampu yopopera matayala a lole kusitolo, nalumikizako paipi yalabala yaitali yoti wolowa m'madziyo azipumira. Panali lamulo limodzi limene ankamva kapitawo akulibwereza tsiku ndi tsiku ku Kariba: pochokera pansi pa madzi uzikwera pang'onopang'ono, ndipo mpweya usausunge m'chifuwa. Chifukwa cha lamulolo Fabiano sankachidziwa. Anaopa kuti akalinena, wina amufunsa chifukwacho, iye n'kusowa choyankha pagulu. Analimeza.

Valentino ali m'madzi ofika m'chiuno, chingwe atamumanga, anacheuka. "Alamu, zimenezi sizoopsa?"

"Ine ndachitapo kambirimbiri," anayankha Fabiano. "Mukatopa mungokoka chingwe."

Valentino analuma paipi yalabala ija, nanyamula mwala waukulu, namira. Malowo anali akuya ngati nsungwi ziwiri zolumikiza. Amuna ankapopa mosinthana, thovu likubwadamuka pamwamba pa madzi. Kenaka paipi inapulumuka kupampu.

"Kokani! Kokani msanga!" anakuwa Fabiano.

Amuna anayi anakoka ndi mphamvu zawo zonse. Valentino anatulukira pamwamba ngati chikuni chouma, milomo atatseka zolimba. Anamukhazika pamtunda. Anamwetulira pang'ono n'kunena kuti, "Ndaikhudza paipi yotsekeka ija." Atatero anatsokomola thovu la magazi, dzanja lake lamanja n'kugwa lende. Anamuika pangolo ya ng'ombe kuthamangira kumsewu waukulu, koma anatsirizika lole yopita kuchipatala ku Katete isanafike.

Pamaliro ena ankati damulo lili ndi mizimu, ena ankati ndi chifuniro cha Mulungu. Ambiri ankamugwira dzanja Fabiano. "Pepani, inu munayesetsa." Mawu amenewo ndiwo ankamulasa kuposa kulira kwa ana atatu a malemuyo.

Patapita mwezi Fabiano anapeza Scholastica akusenda mtedza wambewu pakhonde. Anakhala pansi chapatali.

"Mlongo wanga, ine sindinalowepo m'madzi ku Kariba. Ndinkangopukusa makina. Ndipo ndinkadziwa kuti munthu samukoka msanga. Sindinawauze alamu, ndinachita manyazi."

Scholastica anapitiriza kusenda, osadzutsa mutu. "Achimwene, mawu amenewa mukanawanena padamu paja, bwenzi anthu atangokusekani basi."

Sanamutukwane, ndipo sanauze munthu. Anali Fabiano yekha amene anaimirira Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, n'kuulula zonse panja pa tchalitchi. Ena anamulavulira. Ena anangochokapo.

Kuyambira chaka chimenecho, mvula ikagwa ankayamba walima munda wa mlongo wake, wake pambuyo, mwakuti chimanga chake chinkachedwa chaka ndi chaka ndipo mkazi wake ankadandaula. Scholastica ankamuona akudutsa ndi khasu m'mawa, koma moni wake sankayankha. Zinatero zaka zitatu.

Mu Novembala wa 1963 anakumana panjira ya kuchitsime. Scholastica anaima, ndowa ili pamutu.

"Mawa mubwere ndi ng'ombe, nthaka yafewa," anatero, n'kupitirira.

Fabiano anakakonza goli madzulo omwewo.