Chitini cha Padenga la Bafa

"Kankhani!" anakuwa bambo, mutu uli kunja kwa zenera.

Tinakankha, ine ndi amayi. Matayala akumbuyo ankangozungulira pamodzimodzi, n'kumatimwazira matope ofiira kumaso. Tinali pachitunda china kupitirira Thyolo, pamsewu wa ku Thekerani. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndinkadziwa chimene chinatifikitsa m'matopemo. Bambo sankadziwa.

Galimotoyo inali yakale kuposa ine. Bambo anali makaniko pagalaja ina m'tauni. Anaitola ili chigoba, nkhuku zikuikira mazira pampando. Anaikokera kwathu ku Ndirande n'kuikonza zaka zitatu, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Inali yakuda, yamsana ngati wa kamba. Inkalira ndi hendulo. Ikamakhota, kamkono kosonyeza kolowera kankatuluka m'mbali. M'kati munkamveka chikopa chakale ndi petulo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo limenelo ndimaima. Anthu a m'dera lathu anaitcha Dona, chifukwa m'mawa sinkadzuka popanda kuinyengerera. Bambo nawo ankaitchula mwaulemu, ngati munthu wamkulu.

Ankafuna chinthu chimodzi basi: kukafika nayo kwawo kwa amayi, ku Thekerani. Anakhalako pachikamwini zaka zinayi. Za kumeneko sankazikamba. Ndinangomva kwa amayi kuti tsiku limene ankachoka, amalume anawaseka kuti munthu wopanda ngakhale njinga akatolako chiyani ku Blantyre.

Koma kumapiri sapitako tsiku lililonse. Bambo ankawerenga miyezi ndi zala zakuda ndi girizi. "Disembala mpaka Malichi, matope. Juni ndi Julaye, chiperoni, suona ngakhale boneti yako. Okutobala, Dona awira asanafike pakati pachitunda. Nthawi yake ndi mvula ikangotha."

Kuti adziwe kuti yathadi, anaika chitini cha mkaka padenga la bafa. Ankati ikagwa kuno yofika pachikhadabo, ku Thyolo yagwa ndowa. Lamulo linali lakuti chitinicho chipezeke chouma masiku asanu ndi awiri otsatizana. Chikanyowa, kuwerenga kuyambirenso.

Chaka chimenecho mvula inakakamira. Tchuthi cha Pasaka chinkapita kumapeto. Bambo anati sukulu ikatsegulidwa chitini chisanaume, adzapita awiri ndi amayi mu Meyi, ine ndidzatsala kwa aneba. Kenako abwana awo anawatuma ku Lilongwe sabata yathunthu kukakonza malole. Chitini anasiyira ine.

Masiku anayi chinali chouma. Tsiku lachisanu phiri la Ndirande linafunda mtambo mpaka m'munsi, mvula yamawawa n'kuyamba. Kutacha ndinakwera pampando. Madzi anali theka la chala. Ndinawataya kuseri kwa bafa, n'kupukuta chitinicho ndi malaya. Mawa lake chimodzimodzi. Kenako dzuwa linawala n'kuumitsa bwalo lonse, ngati kuti likundithandiza.

Bambo atabwera sanalowe n'komwe m'nyumba.

"Yohane, chitini?"

"Chouma, bambo."

Anayang'ana amayi. Amayi ndi amene anathamangira kukaanula zovala masiku awiri aja. Koma anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osaona kwawo.

"Mwana wanena," anatero, osadzutsa mutu pabeseni.

Tinanyamuka m'mamawa. Bambo anavala jekete ndi tayi. Amayi anamanga makhadi a chipani kumsonga kwa chitenje, kuopa anyamata achipani ofunsa makhadi pamsewu, ndipo analongedza shuga, sopo ndi mchere za abale. Ana a m'dera lathu anatithamangira mpaka kumsika. Ine ndinakhala kumbuyo ndekha ngati nduna, osawabayibitsa.

Tinadutsa Limbe, tinadutsa Bvumbwe. Minda ya tiyi inali yobiriwira mpaka kumene maso alekezera. Mphepo yozizira inkalowa pazenera. Amayi anasenda nthochi n'kumawadyetsa bambo ali pachiwongolero. Ndipo bambo anaimba. Ndinali ndisanawamvepo akuimba, ngakhale kutchalitchi. Mawu awo anali oipa zedi. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. Ndayendapo maulendo ambiri moyo wanga, koma maola atatu amenewo ndiwo ndimawasowa.

Phula litatha, msewu unayamba kunyezimira. Bambo anasiya kuimba. Anati mwina ndi mame. Tinapitirira mpaka pachitunda chija.

Tili mkati mokankha, Dona anatsokomola kawiri n'kuzima. Kenako anayamba kubwerera.

"Chokani kumbuyoko!"

Tinadumphira m'udzu. Bambo anaponda mabuleki, koma tayala lakutha silimva buleki m'matope. Anatsegula chitseko n'kudziponya panja. Galimoto inatsetsereka pang'onopang'ono, ngati ikuganiza, mpaka inapitirira m'mphepete mwa msewu. Tinamva nthochi zikuthyoka, kenako magalasi. Titasuzumira, inali itagona chammbali pansi paphompho, tayala limodzi likuzungulirabe.

Amuna a m'mudzi wapafupi anabwera ndi zingwe. Anakoka mpaka dzuwa kupendeka. Phompho linali lakuya. Mkulu wina anafunsa kuti tachokera kuti ife osadziwa kuti kuno yagwa masiku atatu osakata.

Dona anatsala komweko. Kwa amalume tinakafika wapansi, monga mmene bambo anachokerako, kungoti tsopano ndi matope mpaka m'mawondo.

Ndimamva kuti msewu umenewo anauthira phula. Adzukulu anga amaona za mvula pafoni, ndipo akafuna ulendo amangonyamuka. Palibe amene amadikira nyengo. Bambo anamwalira osakhalanso ndi galimoto ina. Malamulungu awo ankangokhala pakhonde. Amayi sanaitchulepo nkhaniyi, ine sindinaitchulepo. Pano ndine wamkulu kuposa mmene bambo analili tsiku lija, ndipo ndikanapereka chilichonse kuti ndiwamvenso akuimba moipa muja.

Chimene chimandibwerera kwambiri ndi ichi. Amuna aja atakulunga zingwe zawo, bambo anakhala pamwala, tayi ili m'khosi, akuyang'ana kuphompho. Anandiitana. Ndinati basi adziwa. Ndinakonzekera lamba, ndipo lambayo ndinkamufuna.

Anangondigwira paphewa.

"Usalire, mwana wanga. Iwe ntchito yako unaigwira bwino. Ndine ndinathamanga."

Ndinayang'ana amayi. Anali atawerama, akumanga mtolo wa shuga ndi sopo zimene zinapulumuka. Bambo ankandiyang'anabe, akudikira kuti mwina ndinene kanthu.

Ndinasenza chikwama n'kuyamba kukwera chitunda.