Pepala la Sitima Yankhondo, pa Tsiku Limene Tinaika Saidi

Kwa zaka zambiri nkhani iyi ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale mayi wa ana anga. Ndikuilemba chifukwa cha zimene zinachitika tsiku limene tinaika mng'ono wanga Saidi ku Doha.

Ndinadzuka kusanache. Ndinali nditagona m'kachipinda kake ku Nuaija, kuseri kwa nyumba ya abwana amene ankawayendetsera galimoto kwa zaka zambiri. Mwana wa Saidi, Asiyatu, yemwe amagwira ntchito kuhotela ku The Pearl, ndiye ananditumizira tikiti matenda atakula. Ndinafika Saidi atasiya kale kuyankhula.

Kunalibe moto wapabwalo ngati kwathu ku Machinga. Amayi achimalawi ankaphika mpunga pa gasi m'khitchini ya abwana, ena atavala mayunifomu chifukwa anangopatsidwa maola awiri. Amuna anabwera pa mabasi kuchokera ku Al Aziziya, ambiri osandidziwa, koma aliyense anandigwira dzanja ndi manja awiri. Dzuwa litangotuluka, khoma linali likuwotcha kale.

Kubanja kwathu kuli mwambo. Tikaika munthu, wamkulu amaima n'kufotokoza za Che Mkwepu, agogo a bambo athu. Iwo anagulitsidwa ali achinyamata, n'kukwezedwa padoko la Kilwa m'chombo chamalonda chonyamula minyanga ndi anthu, cholowera kuno kwa Aluya. Tsiku lachinayi kunatulukira sitima yankhondo ya Angerezi yamatanga ambiri. Inawomba mzinga kutsogolo kwa chombocho, eni ake n'kutsitsa thanga. Asilikali anakwera, anamasula anthu, chombo n'kuchiotcha. Che Mkwepu anapatsidwa pepala lachizungu lonena kuti ndi mfulu, ndipo atakula anabwerera nalo kumudzi wapansi. Wofotokoza nkhaniyi ankagwira pepalalo m'manja.

Ine sindinapite kusukulu ndili mwana. Tsiku lina ndili ndi zaka ngati makumi awiri ndinasowa chopichirira fodya. Ndinapeza pepala lofewa pamphasa, ndinaling'amba panayi, ndinasuta. Kwa ine mapepala onse anali amodzi. Linali pepala lija la Che Mkwepu, ndipo Saidi, yemwe anali pasukulu, ndiye anali atalitulutsa m'chitini momwe linkasungidwa. Bambo anamumenya ndi lamba mpaka chitsulo chinamung'amba paphewa. Ine ndinaimirira pamenepo, fodya akununkha m'kamwa, osanena kanthu. Kuyambira pamenepo nkhani ya Che Mkwepu tinkaifotokoza manja ali lende.

Posambitsa mtembo anandilowetsa ngati m'bale. Titamutembenuza kuti tithire madzi kumsana, chipsera chija chinali pomwepo, choyera, chotalika ngati chala. Ndinaleka kuthira madzi. Bambo wina wachimwenye wothandiza kusambitsa anangogwira chigongono changa mpaka ndinamaliza. Tinamukulunga m'sanda.

Titaswali kumzikiti masana, tinapita kumanda a kunja kwa tauni. Abwana ake anabwera okha, nasenza nawo jeneza lonyamulira maliro, ndipo anapereka magalimoto awiri ndi madzi ozizira. Anthu osadziwa n'komwe dzina la Saidi analowa pamzere kumupempherera. Dothi lakumandako ndi loyera, lamiyala, lotentha m'manja. Titakwirira, Amalawi anandiyang'ana, pakuti Saidi anali atawauza za mwambo wathu. Ndinayamba nkhani ija, koma nditafika pa pepala mawu anandithera. Ndinangoti dzuwa landipweteka.

Madzulo anthu anabalalika msanga chifukwa cha ma shift. M'kachipinda munatsala ine, Asiyatu, ndi nsapato za Saidi pakhomo. Asiyatu anatulutsa kope lakusukulu lakale, lokulungidwa m'pulasitiki.

"Bambo aakulu, ababa anati ndidzakupatseni iwo atapita. Akuti munaphunzira kuwerenga."

Ndinaphunziradi, kusukulu ya kwacha, imvi zitamera kale. Ndinatsegula. Patsamba loyamba panali mawu onse a pepala lija, okopedwa ndi dzanja la mwana, chilembo ndi chilembo, ndi chithunzi cha chidindo chake. N'chifukwa chake Saidi anali atalitulutsa m'chitini tsiku lija. M'munsi, ndi inki yatsopano, anamasulira m'Chichewa. Masamba otsatira anajambulamo zombo zamatabwa zimene ankakaziona kugombe Lachisanu lililonse, ndipo pena analemba kuti mwina cha agogo chinali chotere.

Kumapeto kunali mizere iwiri: "Achimwene, ndinakuonani mukusuta. Simunkadziwa kuwerenga, ine ndinkadziwa, ndiye wosiya pamphasa ndinali ine."

Ndinawerenga katatu, ndikuloza ndi chala. Zaka zonsezi ankanditumizira mankhwala ndi zovala za Idi, ine n'kumalandira ndi manyazi, kuyesa sakudziwa. Asiyatu anandifunsa ngati ndikufuna tiyi. Ndinati eya. Tinamwa tiyiyo, makina oziziritsa mpweya akung'ung'udza okha.

M'mawa mwake ndinapempha Asiyatu kuti anditsegulire foni pagulu la abale akumudzi, ndijambule mawu. Ndinagwira kope m'manja, ndinafotokoza za Che Mkwepu kuyambira ku Kilwa mpaka pa mzinga, ndinawerenga pepala lonse. Kenako ndinati, "Loyamba lija ndinasuta ndine, osati Saidi." Asiyatu anafunsa ngati atumize. Ndinadina ndekha.