Tsiku limene Che Jafali anandinamira

Kwa zaka zambiri ndinkanamiza anzanga apabawo ku Namwera kuti ndinasewerapo timu imodzi ndi Che Jafali, katswiri wa zigoli amene tinkamumvera pawailesi. Chonsecho ine mpira ndinkangoonerera.

Lachisanu lina tikutuluka mumzikiti, tinapeza bambo wotsimphina akugulitsa usipa wa ku Malindi. Anali iwowo.

"Che Jafali, mnzanu uja ndi uyu!" anzangawo anakuwa, akundikankhira kutsogolo.

Mkuluyo anandiyang'ana nkhope, nayang'ananso chimimba changachi, kenako anamwetulira.

"Ndawakumbuka," anatero. "Awa pothamanga anali mphepo."

Ndinagula usipa wonse osawayang'ana m'maso, ngakhale zikomo sindinanene. Mpaka lero pabawo amanditchula Che Mphepo, ndipo ndimayankha.