Chitseko cha ku Hotela

Lelo ndazula chitseko cha khola la nkhuku. Chiswe chachidya mpaka kwatsala utoto wokha, koma nambala yake yamkuwa ikalipo. Ndangokhala pansi nayo m'manja, ntchito yaima.

Chitsekochi chinachokela ku hotela yaikulu ya ku Petauke, kumene kale kunali kugona mabwana a boma ndi azungu opita ku Chipata. Atate ananyamula masutikesi a alendo kumeneko mpaka imvi, osagonamo olo kamodzi. Hotela itagwa, antchito anauzidwa kutengako katundu. Anzawo anathamangila mabedi ndi mapoto. Atate anasankha chitseko.

Tinachimanga pa njinga n'kuyamba kukankha kupita kumudzi. Dzuwa linali kuwotcha, fumbi m'kamwa, mapazi anga atatupa.

"Atate, tichisiye, ndalema," ndinalila.

Atate anapitiliza kukankha. Titafika pa mtengo wa msekese anamasula zingwe n'kuchigoneka pamthunzi. Anavula nsapato, naziika bwinobwino pambali, monga alendo anali kusiyila zawo pakhomo kuti wina azipukute. Kenaka anagona chagada pachitsekopo, natseka maso.

"Usandidzutse, mwanawe," anatelo. "Lelo mlendo ndine."