Mlatho wa M'buku la Zithunzi

"Ba neba, ija buku ya vithunzi mukali nayo?"

Anandifunsa choncho mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu ku komboni ya George, tili pamzere wa pampopi. Maso ake anali pa ndowa, osati pa ine.

Ndinati ndili nalo. Ndani mumzere wa nyumba zathu amene sanalidziwe? Kwathu mlendo akakhala pansi, madzi a tiyi asanawire, umamupatsa buku la zithunzi kuti asasungulumwe. Langa linali ndi za ukwati, za ubatizo wa mwana woyamba, ndipo kumapeto kunali zisanu ndi zinayi za malemu bambo anga.

Bambo anagwira ntchito pa kanjanji kotuta matabwa kunkhalango za kumadzulo, akuponya nkhuni m'moto wa injini. Njanjiyo inatsekedwa ine ndili mtsikana, zitsulo zake anazula. Kapitawo wachizungu amene anajambula zithunzizo anawapatsa pochoka. Munali injini ikumwa madzi pa thanki, kasiteshoni ka malata dzina lake lili pa thabwa, ndi mlatho wautali sitima ili pakati pake. Ndinkanyadira. Mlendo aliyense ndinkamulozera ndi chala: awa apa, ovala kapusi.

"Muli mlatho muja," anatero mayi uja. "Ba cheyamani ba chipani anafunsa dzulo ati ni nyumba iti ili na mlatho. Ine sininakambe. Koma tiyi yanu, ba neba, anamwa ni ambili."

Inali nthawi ija ndege za kumwera zinkabwera kudzaponya mabomba, milatho ikugwetsedwa, munthu aliyense wachilendo akutchedwa kazitape. Kujambula siteshoni kunali koletsedwa. Ndipo amuna anga anabadwira kumwera komweko, kumene atate awo ankagwira ntchito m'mapulazi. Chinyanja chawo chinali chopindika pang'ono. Ku fakitale kumene ankagwira ntchito anzawo ankawaseka nacho, koma masiku amenewo kuseka kunali kutatha. Munthu wa lilime lotere, m'nyumba mwake mupezeke chithunzi cha mlatho, ankamukweza galimoto, ndipo tsiku lobwerako silinkadziwika.

Ndinafika kunyumba mbaula ikadali ndi moto. Ndinatsitsa khanda kumsana, ndinatseka chitseko masanasana. Zithunzi zisanu ndi chimodzi zinalibe munthu, ndinaziika pamakala chimodzichimodzi. Zimafuka utsi wonunkha, zinthu zimenezi, moti ndinathira kapenta m'poto kuti fungo lisokonezeke. Pa zitatu zimene panali bambo ndinatenga lezala, ndinawadula bwinobwino kuwachotsa pa injini, chotsalacho pamoto.

Nditawaika pachikhatho ndinaona chimene ndinachita. Aliyense anali ngati mtedza kukula kwake. Nkhope inali kadontho. Ndinkawazindikira chifukwa cha injini imene anaimapo. Popanda iyo anali kamunthu ka kapusi basi.

Amuna anga atabwera ndinawauza. Anati, "Wachita bwino." Nsapato sanavule mpaka nthawi yogona.

Loweruka masana anabwera cheyamani wa chipani wa dera lathu, ndi anyamata awiri amene anaima pakhomo. Tinawapatsa mpando. Ndinaika madzi pamoto, ndipo manja anga, mwa chizolowezi chawo, anatenga buku nkuwapatsa asanapemphe.

Anatsegula pang'onopang'ono, akunyowetsa chala. Ukwati. Ubatizo. Kenaka masamba a kumapeto. Zithunzizo ndinali nditamata ndi phala, ndipo pamene panali chilichonse panatsala malo akuda a ngodya zinayi, pepala lowazungulira litatuwa ndi zaka. Malo asanu ndi anayi, owerengeka bwino. Zong'amba masambawo sizinandifikire m'mutu.

"Apa panali chani, amai?"

"Mwana anang'amba," ndinatero.

"Mwana wa nzelu," iwo anatero. "Ukwati anasiya." Anatembenukira kwa amuna anga. "Imwe bambo, paja kwanu ni kuti?"

Amuna anga anatulutsa chitupa ndi khadi la chipani. Cheyamani anaziyang'ana nthawi yaitali, mbali zonse ziwiri. Tiyi sanamwe. Pakhomo anati, "Tizapitako futi."

Sanabwerenso, koma tinawadikira chaka chathunthu. Galimoto ikaima pamsewu, supuni inkaima m'manja. Anzanga analeka kulowa m'nyumba, ankandipatsira moni pa mpanda. Ku fakitale amuna anga anachotsedwa ku nyumba yosungira katundu nkuikidwa kosesa pabwalo, osauzidwa chifukwa.

Tizidutswa titatu ta bambo tija ndinatiika m'bokosi la machesi pamwamba pa khoma. Mvula ya chaka chimenecho inadontha pomwepo, timapepalato tinamatana nkusanduka phala.

Ana anga akandifunsa za agogo awo ndimangofotokoza ndi pakamwa, ndipo njanjiyo amaiyesa nthano. Zinapita zithunzi zisanu ndi zinayi: injini, thanki, kasiteshoni ndi dzina lake limene ndaiwala, mlatho, ndi nkhope ya bambo anga katatu.